Tingolo tiwiri, tepi ndi ticker timer: bokosi loyezera liwiro limene tinagula ku Limbe

Sukulu yathu, imene ndi ya sekondale yoyendera kuno ku Blantyre, inagula bokosi la zipangizo zophunzitsira kayendedwe ka zinthu pa sitolo ina ya ku Limbe yogulitsa katundu wa m'malabotale. Popeza aphunzitsi anzanga a Physics akhala akundifunsa ngati nawonso angapemphe a hedi awo kuti awagulire, ndalemba pano zimene ndaona poligwiritsa ntchito ndi ophunzira a Fomu 3 ndi Fomu 4. M'bokosimo muli tingolo tiwiri ta mateyala atatu, ticker timer imodzi, mipukutu iwiri ya tepi ya pepala, timapepala ta kaboni todula mozungulira, zitsulo zolemetsera tingolo, thabwa lotsetserekerapo ndiponso kabuku ka malangizo. Ndineneretu kuti ticker timer ndi tingolo tija n'zopangidwa bwino, thabwa n'lachabechabe, ndipo sukulu imene kulibe magetsi ingotaya ndalama ikagula bokosili mmene lilili.

Phindu la bokosili lagona pa ticker timer. Ndi kachipangizo konyamulika ndi dzanja limodzi, kokhala ndi kachitsulo kopyapyala kamene kamanjenjemera magetsi akalowa mu koyilo, ndipo kunsonga kwa kachitsuloko kuli kamsomali kamene kamagogoda pa kaboni n'kusiya kadontho pa tepi yodutsa pansi pake. Magetsi a m'Malawi muno ndi a 50 Hz, kutanthauza kuti amasinthasintha ka 50 pa sekondi, kotero kamsomaliko kamagogoda ka 50 pa sekondi, ndipo mpata wa pakati pa timadontho tiwiri toyandikana umaimira masekondi 0.02 nthawi zonse, kaya mpatawo ndi waung'ono kaya ndi waukulu. Mukamata tepi kumbuyo kwa kangolo n'kukamasula, pamene kakuyenda pang'onopang'ono timadontho timathithikana, ndipo pamene kathamanga timatalikirana. Kalira kake n'kofanana ndi makina osokera a telala, moti a kalasi yoyandikana nafe amadziwa kuti lero kuli pulakitiko. Nditakoka tepi kwa masekondi atatu ndikuyang'ana pa wotchi, timadontho tinali pafupi kwambiri ndi 150, monga ziyenera kukhalira. Timadonthoto n'takuda bwino, ndipo kamsomali sikadumpha n'kulemba kawiri pamalo amodzi, vuto limene aliyense amene anagwiritsapo ntchito ma ticker timer otopa akulidziwa. Palinso kasikuluwu kokwezera kapena kutsitsira kamsomaliko ngati kayamba kukanda tepi.

Ntchito yeniyeni imayamba kangolo kataima. Ophunzira amawerenga mipata khumi, kudula ndi sizasi, kuwerenganso mipata khumi, kudulanso, mpaka tepi yonse itasanduka zidutswa, chilichonse choimira masekondi 0.2. Apa mphunzitsi asachoke pafupi, chifukwa ana ambiri amawerenga timadontho khumi m'malo mwa mipata khumi, ndipo timadontho khumi timangotsekera mipata isanu ndi inayi. Mtsikana wina wa Fomu 3 anapeza njira yake: ankaloza kadontho kalikonse ndi nsonga ya kampasi, kuyambira pa ziro, milomo ikuyenda chamumtima, ndipo akafika pa teni ankapinda tepi asanadule. Anzake onse anatengera njira imeneyi. Zidutswazo zikamatidwa ndi guluu pa pepala la manila, chimodzi pambali pa chinzake, matako ake ali pa mzere umodzi, zimapanga tchati cha masitepe okwera mofanana.

Tikakweza mbali imodzi ya thabwa la mamita awiri ndi masentimita 20, zidutswa zimatuluka pafupi ndi masentimita 1.6, 4.8, 8.0, 11.2 ndi 14.4. Manambalawa ndawasalaza kuti asavute kuwerengera, pakuti a ophunzira amaphonya ndi mamilimita angapo uku ndi uku, koma kakweredwe kake ndi komweko: chidutswa chilichonse chimaposa chinzake ndi masentimita 3.2. Chidutswa chachitatu, cha masentimita 8.0 m'masekondi 0.2, chikutanthauza liwiro la masentimita 40 pa sekondi. Kuwonjezereka kwa masentimita 3.2 kuja kukutanthauza kuti liwiro likukwera ndi masentimita 16 pa sekondi m'masekondi 0.2 alionse, ndiye kuti 0.8 m/s². Pakanapanda kukhulana kwa mateyala ndi kukoka kwa tepi, mtsetse umenewu ukanapereka pafupifupi 0.98 m/s², limene ndi gawo limodzi mwa magawo khumi a 9.8 m/s², kukwera kwa liwiro kwa chinthu chongogwa, ndipo kusiyana kumeneku kumapatsa kalasi nkhani yokambirana. Mukagawa manambala aja ndi 1.6 mupeza 1, 3, 5, 7, 9. Amenewa ndi manambala omwewo amene Galileo anawafotokoza m'buku lake losindikizidwa ku Leiden mu 1638, atagubuduza kampira kachitsulo mumsewe wa thabwa lopendekeka, nthawi akuiyeza polemeretsa pa sikelo madzi otuluka m'chotengera. Ophunzira athu amapeza zomwezo m'mphindi 80 za mapiriyodi awiri.

Zitsulo zolemetsera zija zimayankha funso limene ana amabwera nalo ali ndi yankho kale. Mukawafunsa kuti pakati pa kangolo kopanda katundu ndi kosenza zitsulo kafike msanga pansi ndi kati, pafupifupi kalasi yonse imati kolemera, ena mpaka kunena kuti kathamanga kuwirikiza kawiri. Matchati awiriwo akaikidwa pamodzi, masitepe ake amangotsala pang'ono kufanana. Kolemera kamapambana pang'ono chabe, ndipo chifukwa chake n'chakuti tepi imakoka tingolo tonse ndi mphamvu yofanana, imene kopepuka kamaimva kwambiri. Ndimawauza za David Scott, amene mu August 1971 pa ulendo wa Apollo 15 anagwetsa hamala ndi nthenga pa mwezi, pamene palibe mpweya, ndipo zinafika pansi limodzi. Amamvetsera mwachidwi, koma chimene chimawasintha maganizo ndi manila ali m'manja mwawo, osati nkhani ya kumwezi.

Komabe phunziro limene landikhutiritsa kuti ndalama sizinapite pachabe ndi loyerekeza liwiro la zinthu ziwiri zoyenda mosiyana. Vuto lalikulu la ophunzira pa mutu umenewu si masamu. Ambiri amaloweza v = u + at ndi s = ut + ½at² (u ndi liwiro loyambira, v liwiro lomaliza, a kukwera kwa liwiro, t nthawi, s mtunda) popanda chovuta. Chimene chimawasokoneza n'chakuti m'mutu mwawo kukhala patsogolo, kuthamanga kwambiri ndi kukweza liwiro mofulumira ndi chinthu chimodzi, ndipo akaona mizere iwiri ikudutsana pa galafu ya liwiro ndi nthawi amalemba kuti zinthuzo zakumana pamenepo. Bokosili limalola kuti zitatuzi zilekanitsidwe patebulo.

Kangolo koyamba timakayendetsa pa thabwa lokwezedwa pang'ono chabe, mokwanira kungothetsa kukhulana, ndipo tikakakankha kamodzi kamayenda pa liwiro losasintha, moti zidutswa zake zonse zimakhala pafupi ndi masentimita 8. Kachiwiri timakamasula kali chiimire pa mtsetse uja wa 0.8 m/s². Ophunzira akaika matchati awiriwo moyandikana amaona kuti pa chidutswa choyamba ndi chachiwiri koyamba kaja kali pamwamba, pa chachitatu tafanana, ndipo kuyambira pa chachinayi kachiwiri kapitirira. Mnyamata wina anaika chala pa chidutswa chachitatu n'kufunsa kuti, "Aphunzitsi, ndiye kuti apa ndi pamene kakapeza kanzake?" Sindinamuyankhe. Ndinamuuza kuti alumikize zidutswa zitatu zoyambirira za kangolo kalikonse kuti zikhale mzere umodzi, ayeze ndi rula. Koyamba kanali katayenda masentimita 24, kachiwiri masentimita 14.4 okha. Anawonjezera chidutswa chachinayi, kenaka chachisanu, ndipo pamenepo mizere yonse iwiri inafika pa masentimita 40. Liwiro linafanana patatha theka la sekondi, koma kupezana kunachitika patatha sekondi yathunthu, ndipo pa nthawi imene liwiro linafanana ndi pamene mpata wa pakati pa tingoloto unali waukulu kuposa nthawi ina iliyonse. Mwana amene walumikiza yekha zidutswa motere savutikanso kumvetsa chifukwa chake mtunda umapezeka poyeza malo a pansi pa mzere wa galafu, chifukwa malo amenewo ndi tepi yomweyo imene anadula ndi manja ake.

Zikatere ndimawatulutsa mu labotale ndi funso la pamsewu wa Masauko Chipembere. Minibasi yaima pa siteji ya ku Chichiri, ndipo pa nthawi imene ikunyamuka, munthu wa njinga yakapalasa akuidutsa pa liwiro losasintha la mamita 5 pa sekondi, amene ndi makilomita 18 pa ola. Minibasiyo ikukweza liwiro ndi mita imodzi pa sekondi m'sekondi iliyonse. Patatha masekondi 5 liwiro lawo lafanana, koma wanjinga wayenda mamita 25 pamene minibasi yayenda mamita 12.5. Minibasi imupeza patatha masekondi 10, pa mamita 50, ndipo pamenepo ikhala ikuthamanga mamita 10 pa sekondi, kuwirikiza kawiri liwiro la njinga. Kale funso ngati ili ankalikhoza ndi ana ochepa amene masamu amawayanja. Tsopano ngakhale amene amachedwa kuwerengera amayamba ndi kujambula mizere iwiri n'kunena okha kuti podutsana mizere si popezana.

Tchati chimodzimodzicho chimathandiza pa funso lina limene limaoneka lophweka, la zinthu ziwiri zokweza liwiro mofanana koma china chitatsogola kunyamuka. Timatsitsa kangolo kawiri pa mtsetse umodzi, n'kusuntha tchati chachiwiri ndi zidutswa ziwiri, ngati kuti kananyamuka mochedwa ndi masekondi 0.4. Chidutswa cha 8.0 chimayang'anizana ndi cha 1.6, cha 11.2 ndi cha 4.8, cha 14.4 ndi cha 8.0, ndipo kusiyana kwake ndi masentimita 6.4 ponseponse. Kusiyana kwa liwiro sikusintha, koma mpata wa pakati pawo ukukula ndi masentimita 6.4 m'masekondi 0.2 alionse. Ana ambiri amayembekezera kuti mpatawo ukhala womwewo, poganiza kuti zinthu zokwera liwiro mofanana zimayenda mondondozana.

Pa thabwa lalitali pamaonekanso mfundo imene ndikanakonda woyendetsa galimoto aliyense wa m'tauni ya mapiri ino atailingalira. Kangolo koyenda mamita 1.6 pa 0.8 m/s² kamatenga masekondi awiri ndipo kamafika pansi pa liwiro la mamita 1.6 pa sekondi. Pakatikati pa ulendowo, pa mamita 0.8, liwiro lake silikhala theka, koma mamita 1.13 pa sekondi, pafupifupi 71 peresenti ya liwiro lomaliza. Theka la liwiro kamalifika katangoyenda masentimita 40, gawo limodzi mwa magawo anayi a ulendo. Zimenezi zikuchokera pa v² = u² + 2as, ndipo mukazitembenuza zimanena za mabuleki: galimoto yothamanga makilomita 60 pa ola imafuna mtunda wowirikiza kanayi kuti iime poyerekeza ndi yothamanga makilomita 30, mabuleki ndi msewu zikakhala zomwezo.

Zoyesera zonsezi tinazichita pa thabwa limene silinabwere m'bokosi. La m'bokosi ndi la mita imodzi yokha, ndipo kangolo kakatenga malo ake, ulendo wotsala ndi waufupi, makamaka poganizira kuti timadontho toyambirira timathithikana moti sitiwerengeka. Choipa koposa n'chakuti ndi lopyapyala ndipo limagonja pakati mukaikapo kangolo kosenza zitsulo. Thabwa logonja limatsetsereka kwambiri kumtunda kuposa kumunsi, choncho liwiro limakwera mofulumira poyamba n'kumazirala kumapeto, ndipo masitepe a pa tchati amapindika m'malo molunjika. Pa phunziro lofuna kuonetsa liwiro lokwera mofanana, chipangizo chotere chimaphunzitsa zosiyana ndi zimene mphunzitsi akunena. Mvula itayamba chinyontho chinalipotoza, tingolo n'kumapatukira kumbali. Tinapita kwa kalipentala wa ku Ndirande amene anatipalira thabwa lokhuthala la paini, la mamita awiri, n'kukhomera timatabwa m'mbali kuti tingolo tisagwe ndiponso chotchinga kumunsi. Potsamiritsa timagwiritsa ntchito njerwa ndi mabuku.

Tingolo tokha ndilibe nato mlandu. N'tolimba, mateyala ake amazungulira mwakachetechete, ndipo tagwapo pa simenti osasweka. Fumbi la choko ndi la m'chilimwe likalowa m'mateyala, kangolo kamayamba kuuma, choncho tizisungidwa m'bokosi lotseka ndipo tizipukutidwa tisanagwiritsidwe ntchito.

Nkhani ya magetsi ndi imene wogula ayenera kuimvetsa asanatulutse ndalama. Ticker timer imeneyi silumikizidwa mwachindunji pa soketi ya mavoti 230. Imafuna thiransifoma yotsitsa magetsi kufika pa mavoti ochepa a AC, ndipo thiransifomayo mulibe m'bokosi, chinthu chimene sichinalembedwe kunja kwake. Ife tinali nayo kale mu labotale, koma sukulu imene ilibe iyenera kuwonjezera ndalama zina. Mabatire a tochi kapena batire ya galimoto sizingathandize, chifukwa kachitsulo kaja kamanjenjemera potsatira kusinthasintha kwa magetsi a AC. Magetsi akazima phunziro limaima. Jenereta yaing'ono imatha kuiyendetsa, koma liwiro la injini yake likasintha, kagogodedwe nakonso kamasintha, ndipo masekondi 0.02 aja sakhalanso odalirika, kotero muyenera kuyamba mwawerenga timadontho ta masekondi atatu musanakhulupirire yankho lililonse. Chimene chatithandiza n'kukoka matepi ambiri tsiku limene magetsi alipo, kulemba kumbuyo kwake kutalika kwa njerwa ndi kulemera kwa kangolo, n'kuwasunga mu envulopu. Kudula, kumata ndi kuwerengera sikufuna magetsi.

Tepi imatha msanga. Ulendo umodzi umadya pafupifupi mamita awiri, ndipo kalasi yaikulu yogawidwa m'magulu khumi, gulu lililonse likufuna matepi atatu kapena anayi, imatsitsa mpukutu mooneka. Kaboni savuta, chifukwa wa m'mabuku a malisiti amagwira ntchito mukamudula mozungulira n'kuboola pakati. Tepi tayesa kudula tokha kuchokera ku mipukutu ya mapepala a makina a m'sitolo, m'lifupi mwake pafupifupi sentimita imodzi, ndipo imatheka ngati yadulidwa mowongoka ndi lezala, apo ayi imakodwa polowera n'kuchedwetsa kangolo. Ticker timer imodzi pa kalasi yaikulu imachititsanso mzere, moti magulu omaliza amayamba kudula belu litatsala pang'ono kulira. Sukulu imene ingakwanitse igule yachiwiri payokha m'malo mogula bokosi lachiwiri lathunthu.

Kabuku ka malangizo kali ndi masamba ochepa ndipo kamangofotokoza kulumikiza mawaya ndi kupeza kukwera kwa liwiro kwa kangolo kamodzi. Sikatchula n'komwe za kupendeketsa thabwa kuti kukhulana kuthe, ndipo kalibe choyesera chilichonse choyerekeza tingolo tiwiri, ngakhale kuti m'bokosi muli tiwiri. Mphunzitsi amene sanaigwirepo ticker timer ali ku koleji angachite bwino kufunsa mnzake amene anaigwirapo, kapena kukafunsa pa maphunziro a SMASSE, osula aphunzitsi a masamu ndi sayansi a m'masekondale, kusiyana ndi kudalira kabukuka.

Za sitolo ndinene mwachilungamo. Bambo amene anatigulitsa anatilandira mwaulemu, anatilembera kotesheni ndi lisiti zimene komiti ya sukulu inafuna, ndipo anavomera kutsegula bokosi kuti tiwerenge zam'kati tisanalipire. Koma za kagwiridwe kake ka ntchito sankazidziwa, moti za thiransifoma sanatichenjeze, ndipo titabwerera kukafuna tepi yowonjezera anati tidikire katundu wina afike. Katunduyu ndi wochokera kunja, ndipo chiyambire pamene kwacha inagwa ndi 44 peresenti mu November 2023, mitengo ya zinthu zoterezi sikhazikika. Kotesheni yathu inali ndi masiku owerengeka, pamene makomiti a sukulu amatenga nthawi kuti akumane, choncho ndi bwino kutenga chilolezo cha komiti kaye, kotesheni pambuyo.

Amene alibe magetsi asataye mtima, chifukwa sitoloyo imagulitsanso tingolo patokha. Foni wamba imajambula zithunzi 30 pa sekondi ikamatenga vidiyo, ndipo mukajambula kangolo kakutsika pambali pa rula ya mita n'kumaimitsa vidiyoyo pang'onopang'ono, mumapeza malo ake pa nthawi zosiyanasiyana. Palinso pulogalamu yaulere ya pafoni yotchedwa phyphox, yopangidwa ku RWTH Aachen University ku Germany, imene mwa zina imayeza nthawi ya pakati pa maphokoso awiri, monga kuwomba m'manja pomasula kangolo ndi kugunda kwake pa chotchinga. Ngakhale mabulo wogubuduzika mumsewe wa paipi yodula pakati, mwa mzimu wa TALULAR, wophunzitsa ndi zipangizo zopezeka m'dera lathu lomwe, amaonetsa 1, 3, 5, 7 ngati pali woimba nthawi mosaphonya. Njira zimenezi zimapereka manambala, ndipo pokonzekera mayeso a MSCE a MANEB, kumene mafunso a galafu ya liwiro ndi nthawi si achilendo, manambalawo ndi okwanira. Chimene sizipereka ndi chidutswa cha pepala chimene mwana angachiimike kuti chikhale liwiro, n'kuchigonekanso kuti chikhale mtunda, ndipo pa kusiyanitsa kufanana kwa liwiro ndi kupezana, chidutswa chimenecho n'chimene chagwira ntchito m'kalasi mwanga.

Mukapita kukagula, nyamulani thiransifoma ya kusukulu kwanu ndi wotchi. Pemphani kuti ticker timer ilumikizidwe pomwepo, kokani tepi kwa masekondi atatu, muone ngati timadontho tikufika pafupi ndi 150 ndiponso ngati tili tokhatokha, osati tiwiritiwiri. Kankhani tingolo tonse pa kauntala kuti muone ngati tikuyenda mowongoka, ndipo funsani ngati angachotse thabwa pa mtengo n'kuikapo mipukutu ina ya tepi.